Kagalasi Nambala 47

Magetsi azimanso ku Nsanje.
Ndikutsegula firiji mwakabisira ngati mwana wakuba shuga
kuti ndikhudze kabotolo kochepa kuposa chala changa chakanise.
Kakadali kozizira.
Kunja dzuwa la Okutobala likuwotcha ndi mthunzi womwe,
mbuzi zabisala kunsi kwa ambulansi yopanda matayala,
ndipo ine, Jofesi mwana wa Alufandika,
ndikulera madontho khumi ndi awiri
monga khanda lobadwa masiku asanakwane.

Pa kabotolo adalemba kuti maantibode.
Kumudzi ndimangoti ndi agalu osaka
ophunzitsidwa fungo limodzi lokha.
Kholo lawo ndi mbewa yoyera ya kutsidya kwa nyanja,
mbewa yosadziwa una,
yosamvapo khasu la anyamata m'munda wa mapira.
Adakwera ndege, adatsika mapiri a ku Thabwa m'bokosi la ayezi,
kudzafuna chinthu chimodzi:
kakhomo ka m'kati mwa selo
kamene esitirojeni amagogodapo,
chotupa n'kumva, n'kudzuka, n'kukula.

Kafukufuku salola dzina, amafuna nambala.
Koma ine dzinalo ndikulidziwa.
Ndi mayi Fulukiya a ku Makhanga,
ogulitsa mlamba wowamba, amene sachotsera ngakhale m'busa.
Adawoloka pa Mtayamoyo pa bwato
dzanja lili pa bere lakumanzere ngati akulumbira.
Ndidawerenga mphini zisanu ndi zinayi kuzungulira chotupacho,
sindidafunse kanthu.
Iwo ndiwo adafunsa:
"Kanyama mwandidulaka, kakakuuzani chiyani
kamene ine mwiniwake sindikudziwa?"

Kanyamako ndidakakwirira m'phula,
ndakasenda kupyapyala kuposa khoko la anyezi,
ndakagoneka pa kagalasi, ndakawiritsa pang'ono kuti kamasuke.
Tsopano dontho limodzi.
Pitani, agalu anga, kanunkhizeni.

Ola lathunthu palibe chooneka.
Ntchito imeneyi n'chimodzimodzi kutchera mono:
zonse zimachitika pansi pa madzi.
Zuze wapita kukapempha dizilo kwa akuluakulu,
ine ndikupukuta thukuta lisagwere pa ntchito ya miyezi itatu.
Kutsuka. Dontho lina. Kutsukanso.
Jenereta yatsokomola kawiri, yavomera.

Ndikuika diso pa maikulosikopu.
Kukakhala kobiriwira kokhakokha ngati thambo lopanda mvula,
ndiye kuti agalu abwerako chimanjamanja.
Ndikupotokola kachitsulo pang'onopang'ono.
Chifunga.
Kenaka timadontho, tambirimbiri, tothithikana,
tofiirira
ngati Shire wa mu Januwale.

Mtundu umenewu ndauopa moyo wanga wonse.
Ndiwo udalowa m'nyumba mwathu usiku osaodira,
udanyamula nkhokwe, mbuzi zitatu, makope anga a Fomu 2,
udafafaniza manda a bambo mpaka lero timangoloza chala pa mchenga.
Chaka chimenecho tidadya nyika mpaka milomo kuda.
Ndani akadandiuza kuti tsiku lina
ndidzauona ndi kupumira m'mwamba?

Pakuti kufiirira kuno kukuti kakhomo kalipo,
ndipo khomo likadziwika, chotsekera chimapezeka:
kambulu koyera, m'mawa uliwonse, zaka zisanu.
Si lonjezo ayi.
Ndaona ena akufiirira bwinobwino koma osafika pokolola thonje.
Komabe ndi poponda,
kachulu pakati pa madzi osefukira.

Ndikuwerenga maselo zana, mmodzimmodzi, ngati ndalama za ngongole.
Makumi asanu ndi atatu afiirira.
Ndikubwereza, poopa kuti mtima wandiwerengera.
Makumi asanu ndi atatu ndi mmodzi.
Ndikulemba m'buku: 47, alipo, ochuluka.
Buku lilibe mpata wolembamo
kuti manja anga akunjenjemera.

Mayi Fulukiya alibe foni.
Adasiya nambala ya mkamwini wawo wa kabaza
pa kapepala konunkha utsi wa nsomba.
Adokotala akasayina mawa, tidzaimba.
Mwina adzakhala ali pa msewu, osamva.
Tidzaimbanso.

Jenereta yazima.
Ndikuthamangira ku firiji.
Madontho atsala khumi ndi limodzi,
ndipo pa shelefu timabotolo makumi awiri ndi tiwiri
tikundiyang'ana.